Khoma Limene Linamwa Penti wa Ana

Wokondedwa mng'ono wanga,

"Sukulu yathu tsopano ili ndi chipinda cha zojambula chokhala ndi zipangizo zonse zofunika, ndipo mwana aliyense wa pasukulu pano akuphunzira kupenta." Mawu amenewa achimwene athu, monga mphunzitsi wamkulu, anawawerenga ataimirira, atavala jekete, pamaso pa makolo onse, ndipo makolo anaomba m'manja. Anawalembanso m'kalata yothokoza anzako a kuntchito amene anasonkha zipangizozo. Ndayamba ndi mawuwa kuti usavutike kudzuka pampando, poti ndamva kuti kumeneko munawaika mufelemu.

Tsopano moni. Uli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, chifuwa chija chinawasiya? Nanga ana, wamng'ono uja wayamba kuyenda?

Ife kuno tilipo. Amayi akudandaulabe miyendo, koma kwa aneba kukayambika mkangano miyendoyo imachira yokha mpaka kukafika pampanda. Achimwene anenepa. Mwana wako Makala watalika kundiposa, ndipo zala zake zikadali zakuda monga tsiku lija unamupatsa dzinali.

Ndasankha kalata chifukwa pa foni umandiposa liwiro. Ndikangoti ndiyambe nkhani, iwe waseka kale, wandiyamikira kale, ndipo wati ukulowa mumsonkhano. Pepala sililowa mumsonkhano. Khala pansi.

Ukudziwa mmene ndaphunzitsira zojambula zaka zonsezi. Pensulo, makala, ndi matumba a simenti amene ndimapempha kwa omanga nyumba, n'kuwang'amba, n'kuwakutumula, n'kuwasita. Za mitundu ndimaphunzitsa ndi choko choyera. Ndimalemba pa bolodi kuti chikasu ukasakaniza ndi buluu chimabala chobiriwira, ana n'kukopera m'makope, n'kuloweza. Amazidziwa monga amadziwira malikulu a mayiko amene sadzapitako.

Ukudziwanso kuti mayeso a kalasi yomaliza ali ndi mbali ziwiri, chojambula ndi pensulo komanso chopenta. Wopanda chopenta salembetsedwa n'komwe. N'chifukwa chake chaka ndi chaka ana anga amalisiya phunziroli akafika pakhomo pa mayeso. Makala anakana kulisiya. Akufuna sukulu ija yophunzitsa kujambula nsalu ndi zikuto za mabuku, ndipo kumeneko wopanda mayesowa samuyang'ana kawiri. Ndiwe unamulimbitsa mtima. Unati asadandaule, amayi ake aang'ono alipo, penti abwera. Anzake angapo atamva zimenezo anatsala naye m'kalasi.

Ndipo penti anabweradi. Apa ndikuyamike, chifukwa chabwino sichibisidwa. Katoni ija inali ndi machubu a penti wosungunula ndi madzi, mitundu ina yoti dzina lake sindinalimvepo. Maburashi ena aang'ono ngati nsidze, ena onenepa ngati chala. Mapepala okhuthala oti usanawagwire umayamba wasamba m'manja. Masizasi, guluu, timbale tosakaniziramo. Makala ananunkhiza chubu chimodzi n'kunena kuti ngakhale fungo lake ndi la anthu ophunzira. Tsiku lomwelo anali atasankha kale chimene adzapente: agogo ake atakhala pakhonde, atavala juzi yawo yofiira ija imene makala sanathe kuifiiritsa.

Tinangoziona tsiku limenelo. Achimwene anatsekera katoniyo m'kabati ya mu ofesi mwawo, kiyi m'thumba. Anati zinthu zotere sizimangotsegulidwa ngati thumba la mchere, zimafuna mwambo. Ndinawauza kuti mayeso sadikira mwambo. Anati vuto langa ndi liuma, ndipo ndinabadwa nalo.

Mwambowo unachitika. Ana anaimikidwa pamzere, aliyense anapatsidwa burashi youma, nauzidwa kuti aikweze m'mwamba ndi kumwetulira. Wojambula zithunzi atamaliza, maburashi anatoleredwa mosamala ngati mfuti za asilikali. Choncho ukamva wina akunena kuti mwana aliyense pano anagwirapo burashi, usatsutse. Anagwiradi.

Sabata yotsatira achimwene anandiitana mwaulemu wosazolowereka. Anandipatsa ndi mpando womwe. Anati kutauni kuli maphunziro a aphunzitsi a sabata yathunthu, ndipo atayang'ana sukulu yonse aona kuti woyenera ndine. Mutu wa maphunzirowo unali kasamalidwe ka zipangizo zojambulira. Ndinapita mokondwa ngati mwana. Ndinakhala kutsogolo, ndinalemba zonse: kuti burashi siisiyidwa itaima m'madzi, kuti chubu amafinya kuyambira kumchira, kuti pepala labwino limadana ndi chinyezi. Pomaliza anatipatsa satifiketi.

Pobwera, ndisanafike ndi pageti pomwe, ndinaona khoma.

Ukulidziwa khoma lalitali lija loyang'ana kumsewu. Lonse linali litapentedwa, kuyambira pakona mpaka pakona. Ana aakulu kuposa zitseko, atagwira maburashi, mano onse panja. Dzuwa pamwamba. Dzanja lotuluka mumtambo litanyamula katoni. M'munsi mwake mawu othokoza anzako, zilembo zotalika ngati mwana wa kalasi yoyamba.

Wopenta anali bambo uja wolemba zikwangwani kumsika, wa malo ometera ndi mabutchala. N'chifukwa chake ana onse a pakhomapo anayang'ana cham'mbali, ndipo onse, ndi atsikana omwe, ankaoneka kuti angometedwa kumene. Mmodzi maso ake anali a mbuzi ija ya pa butchala. Pachithunzi chimene anakutumizira sizikuoneka zimenezi. Anajambulira patali.

Anthu odutsa ankaima n'kumaloza. Kholo lina linandigwira chanza ndi manja awiri, lati aphunzitsi mwagwira ntchito, sitinkadziwa kuti ana athu afika pamenepa. Ndinalandira chanzacho. Chikwama chinali chikadali paphewa.

Nditalowa m'kalasi mwanga ndinapeza machubu ali mbwee pansi, ophwatalala ngati apondedwa ndi galimoto. Anawafinyira m'zidebe. Maburashi aang'ono aja anawakhutiza pa pulasitala mpaka anasanduka timitengo. Mapepala okhuthala aja anawaboola kuti apangire zilembo, otsalawo anawayala pansi kuti penti asadonthere pakhonde.

Ndinafunsa ana kuti iwo anachitapo chiyani. Anati anyamata ankagwira makwerero, atsikana ankatunga madzi. Makala ndiye ankatakasa zidebe ndi ndodo. Madzulo ake akutsuka mbale anandiuza, osandiyang'ana, kuti amayi zija mumanena n'zoona, chobiriwira chimabadwadi, ndachiona m'chidebe. Ananena ngati akufuna kundisangalatsa. Ndinatuluka kukaanula zovala zimene zinali zisanaume.

M'mawa mwake ndinapita kwa achimwene. Ulendo uno mpando panalibe. Anati ndisamaone pafupi ngati nkhuku. Anati tizithunzi ta ana pa timapepala palibe angatione ali kumsewu, koma khoma limalankhula ndi aliyense wodutsa. Anati nsomba siigwidwa ndi mbedza yopanda nyambo, katoni yoyamba ndi nyambo, yachiwiri ndiyo idzakhale ya ana. Ndinawafunsa ngati yachiwiriyo ifike mayeso asanafike. Anati mafunso otere ndi amene amandilepheretsa kukwezedwa pantchito.

Zakuti pentiyo ndi wosungunuka ndi madzi sindinawauze. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana, ndipo ndinaona kuti iwafotokozera bwino kuposa ine.

Mvula inagwa Lachinayi masana, tili m'kalasi. Itangokata tinatuluka tonse kukaima kumsewu. Ana a pakhoma aja anali akulira, nkhope zikutsetsereka kutsikira m'makosi. Dzuwa linagwera pa mawu othokoza. Mitundu yonse ija, ndi ija yosadziwika dzina yomwe, inakumana m'ngalande n'kubala mtundu umodzi, wa matope. Mtsikana wina anandifunsa ngati zimenezo alembe m'kope. Ndinati alembe.

Achimwene anabwera ndi ambulera, anayang'ana khoma, anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti mwamwayi chithunzi chinapita kale.

Ine sindinagonje, mng'ono wanga, ukundidziwa. Ndinatola machubu aja mmodzimmodzi, ndinawang'amba ndi lezala, ndinapala zotsalira m'makona n'kumaika m'zitsekerero za mabotolo. Bambo wa zikwangwani amafinya pakati, ndiye kumchira kunkatsalako kanthu. Ndinadula m'mphepete mwa mapepala obooledwa aja pamene panali poyera. Maburashi ndinapanga ndi ubweya wa burashi yometera ndevu ya malemu bambo ake a Makala, kumangirira pa timitengo tija ndi ulusi. Ndinaona kuti tikasamala, ana a kalasi yomaliza aja aliyense apenta kamodzi, popanda kuyeserera, popanda kulakwitsa. Ndinaika zonse pa thireyi, ndinatsekera m'kalasi. Tinapangana kuyamba Lolemba. Makala anapempha kuti chitsekerero cha penti wofiira chisathe iye asanafikeko.

Loweruka ndi pamene unaimba. Unati anzako akondwa nalo khoma, koma akufunanso zopenta za ana zenizeni zoti apachike mu ofesi. Ndinati taima ndikufotokozere. Unati ukulowa mumsonkhano. Loweruka, mng'ono wanga.

Dzuwa lisanalowe achimwene anali atafika kunyumba ndi nzeru. Anati ndipente ine, ndi dzanja lamanzere, kuti zioneke za ana. Ndinati adikire ana apente zawo za mayeso, tidzazijambule pa foni n'kutumiza. Anati anzako akufuna mapepala enieni oti agwire, ndiponso mwana amene sanapentepo chibadwire angatichititse manyazi. Ndinawauza kuti manja anga onse awiri analeredwa ndi mayi mmodzi, chimene lakana lamanja lamanzere silingavomere. Anaseka, anati liuma lija, anamwa madzi n'kumapita.

Lolemba thireyi panalibe. Mphunzitsi wamkulu amakhala ndi kiyi wa chitseko chilichonse.

Zithunzi zimene zili mu ofesi mwanumo anapenta ndi bambo wa zikwangwani uja, ndi dzanja lamanzere. Ndinakumana naye kumsika, ndipo anandiuza yekha mosabisa, akuganiza kuti ndikudziwa. Anati ntchito imeneyo inali yovuta kuposa khoma, chifukwa dzanja linkafuna kuwongola mizere iye n'kumaliletsa. Ayi ndithu anayesetsa. Chija cha nyumba ndi mtengo, chimene unandiuza pa foni kuti wazindikira dzanja la Makala mpaka misozi inalengeza, ndi cha bamboyo. Ali ndi zidzukulu.

Wolembetsa mayeso anabwera mwezi watha, mayi waulemu wa magalasi. Zojambula za pensulo za Makala anaziyang'ana nthawi yaitali, makamaka chija cha manja a agogo ake akusoka. Anafunsa kuti anaphunzira kuti kuika mthunzi chotero. Kenako anafunsa zopenta. Makala anayang'ana ine, ine ndinayang'ana achimwene, achimwene anayang'ana foni yawo. Mayiyo anati pepani, lamulo si lake. Anati wadabwa, chifukwa anamva kuti sukulu ino ili ndi zonse. Anatseka chikwama chake. Dzina la Makala silinalembedwe, ndi a anzake omwe.

Mwanayo sanalire. Anapinda matumba ake a simenti, anawalowetsa pansi pa bedi. Amalume ake amawapatsa moni wa mwana wa sukulu kwa ahedi, basi, ngakhale akumane nawo pakhomo pathu. Koma za iwe amanena kuti amayi aang'ono akadzangomva zimene amalume achita, kudzayaka moto.

Nanenso ndinkaganiza choncho. Ndinkakumvera chisoni. Ndinkati mng'ono wanga akumuphimba m'maso, iye ali kutali akuvutika kupempha anthu.

Lamlungu lapitali ndinali pakhonde kuwawenga amayi zikhadabo. Anayamba kukutama monga amachitira. Anati mwa ana awo onse, wotsiriza ndiye ali ndi mutu, ngakhale nzeru ya khoma ija inali yake. Ndinati amayi mwasokoneza. Anati asokoneza chiyani, yafa ndi miyendo, makutu ali moyo.

Anati tsiku lina achimwene anabwera ndi foni kuti iwo akupatse moni, anaikweza mawu, ndipo atatha moniwo inu awiri munapitiriza zanu iwo ali pomwepo. Unati anzako atopa n'kupereka zinthu zosaoneka, pakufunika chinthu chachikulu chodzaza chithunzi. Unati khoma. Achimwene anafunsa kuti nanga penti wa khoma achokera kuti, iwe unati kodi m'katonimo muli mchenga? Ndiye unati achemwali musawauze, mukuwadziwa, adzayamba za mayeso, apezereni kopita sabata imeneyo. Ndipo nonse munaseka. Amayi akuti nawonso anaseka, poona ana awo akugwirizana.

Ndinamaliza kuwenga zikhadabozo. Sindinawatemeko ngakhale pang'ono.

Achimwene sindikuwadabwa. Kuyambira tili ana ankapukuta nsapato kutsogolo kokha. Koma iwe? Unalipo Makala akubadwa, unamunyamula ine ndisanamunyamule. Tsiku lolembetsa mayeso unkalidziwa, chifukwa unandifunsa wekha, n'kunena kuti walizungulira pa kalendala. Kundipusitsa ine si kanthu, ndinapindulako satifiketi. Koma mwana anatakasa mayeso ake omwe ndi ndodo, akuganiza kuti akuthandiza amayi ake aang'ono kuthokoza anzawo.

Ndikudziwa chimene uyankhe. Unena kuti popanda chithunzi anzako sakanasonkhanso, kuti katoni yachiwiri ndi yaikulu kuposa yoyamba, kuti Makala akadali mwana adzalemba chaka china. Mwina n'zoona, anthu akowo ukuwadziwa ndiwe. Koma ukanandiuza. Tikanakangana ngati pachibale, tikanatukwanizana, mwina tikanagawana, machubu ena khoma, ena ana. Iwe unasankha kundisuntha ngati mpando umene watchinga njira. Ndipo unadziwa bwino chondisunthira, chifukwa ndiwe wekha amene ukudziwa kuti ine maphunziro sindikana.

Za katoni yachiwiriyo, uganize kawiri usanaitumize kusukulu. Khoma lakumbuyo likadali loyera.

Za zithunzi za mu ofesi mwanumo, uchite zimene mtima wako ukuuza. Ine sindilembera anzako. Si ine ndinawanamiza, ndipo sindikufuna kuti udye manyazi pamaso pa anthu amene umawapatsa moni m'mawa uliwonse.

Chimene ndikukupempha ndi ichi. Makala sindinamuuze. Tsiku lililonse amandifunsa ngati ndakulembera za amalume, ndipo lero waona ndikulemba, wandibweretsera ndi envelopu yomwe. Umuimbire wekha. Umuuze ndi pakamwa pako, osaseka, osamulonjeza kanthu kena. Ngati akwiye, umulole akwiye, usadule foni. Ndipo uchite msanga, chifukwa agogo ake nkhaniyi akuiuza aliyense wofika pakhomo, monyadira, ndipo mwanayo ndi amene amawapatsira alendo madzi. Akamva kwa iwe, mwina adzakhalabe ndi amayi aang'ono. Akamva pakhonde, ine sindidzatha kukukonzera.

Amati chibale ndi fupa, sichiwola. Sindikukutaya. Ndikungokuuza pamene fupalo lang'aluka, kuti usadabwe ukadzaona ndikutsimphina.

Mulungu akusunge, iwe ndi a m'nyumba mwako, ndipo akupatse mphamvu pantchito. Upereke moni kwa alamu, uwauze asamasiye mankhwala akangomva bwino. Ana uwapsompsone m'malo mwanga. Amayi akuti usaiwale mafuta opaka miyendo aja. Achimwene sakudziwa kuti ndalemba, koma akanadziwa akanati ndikupatse moni, ndiye landira.

Ndine mkulu wako,
Mayi ake a Makala

Ndinatsala pang'ono kuiwala. Kuyambira teremu ikubwerayi phunziro la zojambula lachotsedwa pa ndandanda, poti palibe mwana amene analembetsa mayeso. Ine andipatsa masamu a kalasi yoyamba. M'chipinda muja asungiramo madesiki othyoka.